Nsapato za mlamu wanga zinandigwetsa chagada ku Chawe

Mlamu wanga amagulitsa nsapato za kaunjika mumsika waukulu wa Zomba. Mwezi watha anamasula belo lomwe anaoda ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo pakati pa nsapato za ana asukulu ndi magogoda a amayi anapezamo mapeya 6 a nsapato zachilendo. Pamwamba n'zokongola ndithu, koma kuphazi n'zolimba ngati thabwa, zina zili ndi mabowo awiri, zina atatu, zinanso zomangiriridwa kale tizitsulo ndi timapulasitiki.

Iye anangoti ndi jombo za mpira. Anagulitsa peya imodzi kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali, koma m'mawa mwake mnyamatayo anatulukira akutsimphina, nsapato zili m'manja, kudzafuna ndalama zake. Mzere wonse wa nsapato unafa nalo phwete.

"Alamu, inu ndinu olembalemba," anatero madzulo ake nkhope ili yakugwa. "Tandiuzani zoona, kodi ndalama za eni ake zija ndaotcha?"

Inenso sindinkadziwa. Koma poti safunsa anadya phula, ndinanyamula mapeya awiri kupita nawo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo kufupi ndi depoti. Bamboyo atangoona kuphazi anaseka, n'kutulutsa chitini cha penti chodzaza mapedulo. Anati amawachotsa pa njinga za kaunjika zochokera kunja chifukwa ogula amafuna mapedulo athyathyathya amene tinawazolowera.

"Nsapato zanuzo amuna awo ndi awa," anatero. "Mwawalekanitsa ukwati, n'chifukwa chake zikuvuta."

Nkhani yake ili motere, abale anzanga. Kale opikisana pa njinga ankalowetsa phazi m'kakhola kachitsulo n'kumanga ndi lamba. Mu 1984 kampani ya ku France yotchedwa Look inatulutsa pedulo yogwira nsapato yokha popanda kakhola kaja, ndiye azungu anaitcha clipless. Chaka chotsatira, mu 1985, Bernard Hinault anapambana nayo mpikisano wa Tour de France, ndipo anzake anayamba kutsanzira. Imeneyo ndiyo ya pamsewu wa tala, ya mabowo atatu. Mu 1990 kampani ya ku Japan ya Shimano inatulutsa ina yotchedwa SPD, ya mabowo awiri, yoyendera m'mapiri ndi m'matope. Kuphazi kwa nsapato mumamangako kachidutswa kotchedwa kiliti. Mukaponda pedulo, kiliti imalowa n'kukodwa ndi sipuling'i. Pofuna kutuluka mumapotokola chidendene kunja.

Kumva kokha sikunandikwane. Phiri la Zomba lili ndi zonse ziwiri, tala wokwera mpaka ku Chawe ndi misewu yadothi pamwamba pake. Loweruka m'mamawa ndinabwereka njinga ya magiya, bambo uja anandimangira mapedulo a pamsewu, ndipo enawo pamodzi ndi nsapato zake ndi sipanala ya nambala 15 ndinaponya m'chikwama. Anandichenjezanso kuti pedulo ya kumanzere imamasulidwa mobwerera, osati ngati mabawuti ena onse. Ambiri amaononga njinga pamenepo.

Kunyamuka kwake kunali kwa manyazi. Pedulo ya pamsewu imalowa mbali imodzi yokha, ndiye uyambe waitembenuza ndi chala cha phazi njinga ikuyenda. Ndinaphonya katatu anyamata a kabaza akundikuwiza. Kachinayi ndinangomva kuti khatcha! Phazi lagwidwa.

Zomba m'mawa ndi yokoma. Tauni imeneyi inali likulu la dziko lino mpaka mu 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo ukamakwera umadutsa nyumba zakale za atsamunda zobisala m'mitengo ikuluikulu. Tauniyo ili pa mamita 900 ndi kanthu kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Choncho msewuwo sudziwa nthabwala. Umangokhotakhota, kumanzere thanthwe, kumanja phompho, anyani atakhala m'mphepete kukuyang'ana ngati apolisi a pamsewu.

Apa ndi pamene ndinaigonjera pedulo ya mabowo atatu. Kiliti yake ndi yaikulu, ya pulasitiki, yooneka ngati fuwa la makona atatu, ndipo phazi limakhala pamalo otambalala. Nsapato sipindika ngakhale pang'ono, ndiye mphamvu yonse imapita ku tcheni. Ukaimirira pa chitunda phazi siliterereka. Ndinadutsa anyamata awiri akukankha njinga zawo, ine ndikupalasabe, mtima uli m'mwamba.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nditayandikira ku Chawe ndinaona amayi akugulitsa masitiroberi m'timbale m'mphepete mwa msewu. Ndinagwira mabuleki bwinobwino, njinga inaima, koma ndinaiwala kupotokola chidendene. Ndinakoka phazi m'mwamba, linakana. Ndinakokanso, linakana. Kenaka pang'onopang'ono, ngati mtengo wodulidwa, ndinapita pansi njinga ili pakati pa miyendo. Chigongono chinanyuka.

"Pepani achimwene, mwapweteka?" anatero mayi wina akuthamanga. Mnzake anafunsa motsitsa mawu koma ndinamva: "Kodi alawa kale m'mawa uno?"

Mlandu unali wanga, osati wa pedulo. Koma vuto lachiwiri ndinaliona nditadzuka. Kiliti ya pamsewu imatuluka kunja kwa nsapato, ndiye umayenda zala zili m'mwamba ngati bakha, kho kho kho, ndipo pa simenti yonyowa ungathyoke msana. Ndinamvetsa zomwe zinamuonekera mnyamata wa ku Chinamwali pa bwalo la mpira. Komanso pulasitikiyo imadyeka msanga ukamayenda nayo pansi.

Ndinagula kambale ka masitiroberi kopepesera manyazi, ndinakhala pa mwala n'kusintha mapedulo ndi nsapato. Kusiyana kwake ndinakumva pomwepo. Kiliti ya mabowo awiri ndi kachitsulo kakang'ono ngati chala chachikulu, kobisala m'kati mwa mphira wa kuphazi, ndiye umayenda ngati munthu. Pedulo yake imalowa mbali zonse ziwiri, ungoponda basi. Ili ndi kabawuti kolembedwa + ndi − kolimbitsira kapena kufewetsera sipuling'i. Ndi chigongono chotuluka magazi chija, ndinafewetsa mpaka kumapeto.

Ndinadutsa damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene a ku Zomba timamwa, n'kulowa msewu wadothi. Usiku kunali kutawaza kamvula ndipo dothi lofiira linali phalaphala. Malo ena ndinatsika n'kukankha. Nsapato zinadzaza matope, koma nditamenyetsa phazi pa pedulo kawiri matope anagwa, kiliti inalowa. Ya pamsewu ija ikanatsekeka n'kukana. Pa mathithi a Williams ndinasiya njinga n'kutsika wapansi pa miyala yonyowa mpaka kukasamba chilonda changa m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Ndi nsapato zoyamba zija sindikanayerekeza.

Chomvetsa chisoni ndi mitengo. Malo ambiri amene akuluakulu amati kunali nkhalango ya paini yoti dzuwa silinkalowa, lero ndi zitsa ndi udzu. Njira yonse ndinkakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akutsika nayo kutauni.

Dzuwa lili paliwombo ndinafika pa Emperor's View, malo amene anatchulidwa polemekeza mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inacheza kuno mu 1965. Pamenepo ndiye umaiwala kutopa. Pansi tauni yonse ili ngati timabokosi ta machesi, kutsogolo nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo chakumanja, kutali, phiri la Mulanje lili buu mu nkhungu. Ndinayesa kuloza denga la msika pamene mlamu wanga anali kudikira yankho.

Potsika, pa miyala ndi m'maenje, phazi silinadumphe pa pedulo ngakhale kamodzi. Koma pa tala, pamene ndinafuna kuthamanga, ndinamva kuti malo opondapo ndi ochepa ndipo nsapato ikupindika pang'ono. Pamenepo ya pamsewu ija inali patsogolo.

Chakumunsi ndinapeza bambo wina akupuma, njinga yake yakuda itasenza nkhuni mulu kupitirira mutu wake, kuphazi patapata. Anayang'anitsitsa mapazi anga nthawi yaitali.

"Achimwene, ine katundu akapendama ndimadumpha n'kuisiya igwe yokha. Nanga inu mwadzimangirira chonchi mudumpha bwanji?"

Ndinamuonetsa chigongono. Anagwedeza mutu.

Tsono inu a malonda, mverani zomwe ndinakauza mlamu wanga. Mukapeza nsapato yolimba kuphazi m'belo, itembenuzeni muwerenge mabowo. Awiri oyandikana ndi ya m'mapiri, ndipo imeneyo ndiyo yosavuta kugulitsa kuno kwathu kumene tala amatha msanga ndipo munthu amatsika njinga kawirikawiri. Atatu ndi ya pamsewu, ya anyamata othamanga mtunda wautali monga kuchoka ku Blantyre kudzafika ku Zomba. Kiliti musaimasule n'kutaya, chifukwa popanda iyo pedulo ndi nsapato sizigwirana, ndipo kuipeza payokha n'kovuta. Dziwaninso kuti kiliti ya Look ndi ya Shimano ya pamsewu zimaoneka ngati mapasa koma sizilowerana, choncho wogula ayese kaye asanapereke ndalama. Mtundu wa kiliti nawonso uli ndi tanthauzo. Pa za Shimano za pamsewu, yachikasu imalola phazi kusewera madigiri 6, yabuluu madigiri 2, yofiira siilola n'komwe. Woyamba kumene mpatseni yachikasu, mawondo ake adzakuthokozani.

Koma wa kabaza, wa makala ndi wa nkhuni musamunamize. Ameneyo pedulo yake ndi yathyathyathya yomwe ija.

Mlamu wanga anamvana ndi bambo wa njinga uja kuti azigulitsa nsapato ndi pedulo pamodzi n'kugawana phindu. Pamene ndikulemba pano mapeya awiri apita, onse a mabowo awiri, pa mtengo woposa umene anagulitsira mnyamata wa mpira uja. Anayi akulendewerabe pa chingwe ndipo tsiku lobweza ngongole likuyandikira. Ngati mukudziwa wina wothamanga pa njinga amene amavala saizi 43, muuzeni afunse mzere wa nsapato mumsika wa Zomba. Koma ayambe waphunzira kupotokola chidendene atagwira khoma.