Mame Osauma ndi Kusankha Buku

Dziko la Chama liri kumpoto kwa Cigawo ca Kum'mawa, m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa. Kumeneko ndi kwao kwa Asenga, anthu odziwa kulima mpunga. M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Kambombo munali mnyamata wa zaka 13 amene anali kukonda kufunsa za zinthu.

Tsiku lina m'mwezi wa Epulo, amake anamtuma ku dambo kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Dzuwa litafika pamutu, anaona pa mcenga wonyowa kacomera kofiirira kamene masamba ake anali ndi timaubweya, ndipo pa nsonga ya kaubweya kali konse panali kadontho konyezimira. Anadabwa, pakuti mame a pa udzu anali atauma kale. Atawerama anaona tinchenche titatu titamatirira pa tsamba, timaubweya titapindikira pomwepo.

Madzulo anakazula ndi mpeni, nakabzala m'citini. Pofuna kukasamala bwino, anaikamo dothi la pa culu ndi manyowa a mbuzi, namakathirira madzi a pa mjigo. Sabata isanathe kacomera kanada, nikafa.

Mnzake wina atamva zimenezi anambwereka kabuku ka zithunzi zokongola. M'menemo munali nkhani ya mtengo wa ku Madagascar umene umagwira munthu ndi nthambi zake ndi kumudya. Mnyamata anathamanga nako kwa Aphunzitsi, nati, "Aphunzitsi, amai andipatsa ndalama za mpunga umene ndinalima ndekha. Mukapita ku Lusaka pa chuthi, mukandigulire buku lalikulu longa kameneka."

Aphunzitsi anatembenuza kabukuko kufuna dzina la mlembi, koma sanalipeze. Tsono anati, "Mwananga, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zako zingokwanira buku limodzi. Khala pansi, ndikuuze mafunso atatu amene munthu ayenera kufunsa asanagule buku."

Funso loyamba ndi ili: analemba ndani, ndipo kodi anaziona yekha zimene analembazo? Nkhani ya mtengo wodya anthu inayamba kutuluka m'nyuzipepala ya New York World ku America m'caka ca 1874. Pambuyo pake kunadziwika kuti mlembi wake anangoipeka. Mtengo wotere kulibe. Zomera zodya tizilombo ziripo mitundu yoposa 600, koma palibe cimodzi comwe cokhoza kugwira munthu.

Mlembi woona amacita monga anacitira Charles Darwin wa ku England. Iye anaona tizilombo titagwidwa pa masamba a kacomera ka mtundu womwewu m'caka ca 1860. Dzina lake ndi Drosera, ndipo licokera ku mau a Cigiriki otanthauza mame. Darwin sanafulumire kulemba. Anayamba wayesa kuika pa masamba tinyama, zoyera za dzira, timapepala ndi timagalasi, nayang'anira zimene masamba anacita. Anapeza kuti madontho aja ndi ulimbo, ndi kuti tsamba limatulutsa madzi osungunula kacilombo monga icitira mimba ya munthu. Buku lake lochedwa Insectivorous Plants linatuluka m'caka ca 1875, patapita zaka 15. Mwana wake Francis Darwin anapitiriza nchitoyo. Anadyetsa zomera zina nyama, zina osazidyetsa, ndipo m'caka ca 1878 anaonetsa kuti zodyetsedwazo zinabala mbeu zambiri kuposa zinzake.

Funso laciwiri ndi ili: bukulo analembera anthu a dziko liti? Mabuku ambiri ophunzitsa kulera zomera zimenezi analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amanena kwambiri za Dionaea, comera cimene tsamba lake limafwamphuka ngati msampha. Comeraco cimamera cokha ku North Carolina ndi ku South Carolina basi, ndipo cimafuna kugona m'nyengo ya cisanu caka ciri conse. Cisanu ca kumeneko cimadza m'Disembala kufikira m'Febuluwale, pamene ku Chama kuli mvula ndi thukuta. Wowerenga wosaganiza angatsate miyezi ya m'buku, nacita zonse pa nthawi yolakwika.

Alipo mabuku onena za zomera za kuno. Aakulu mwa iwo ndi Flora Zambesiaca, amene anayamba kusindikizidwa m'caka ca 1960. Amafotokoza zomera za m'Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, maonekedwe ake ndi malo omera. M'menemo muli Drosera wa m'madambo, ndiponso Utricularia, comera cimene mitundu yake ina imayandama m'maiwe ndi maluwa acikasu. Pansi pa madzi ciri ndi timatumba timene timameza tizilombo tating'ono mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Koma mabuku amenewa ndi ambiri ndi a mtengo wapatali, ndipo saphunzitsa kabzalidwe. Oterewa sagulidwa ndi mwana wa sukulu, amawerengedwa m'nyumba ya mabuku.

Funso lacitatu ndi ili: kodi zimene buku likunena zingayesedwe? Buku labwino limachula cifukwa ca lamulo liri lonse, kuti wowerenga akayese yekha. Buku loipa limangofuna kuti munthu adabwe ndi kuopa.

Aphunzitsi atabwera ku chuthi anadza ndi buku logwirapo kale nchito, lochedwa The Savage Garden. Analilemba Peter D'Amato wa ku California, munthu amene analera zomera zimenezi ndi manja ake zaka zambiri, ndipo linayamba kutuluka m'caka ca 1998. Anadzanso ndi kope m'mene analembamo zimene anawerenga m'Flora Zambesiaca. Cingerezi ca m'buku cinali covuta, cotero anali kuwerenga awiri sukulu itaweruka, tsamba limodzi pa tsiku.

Pamenepo mnyamata anadziwa cimene cinapha kacomera kake. Zomera zimenezi zimamera pa nthaka yosauka, yosowa naitrojeni, ndico cifukwa cake zimampeza m'matupi a tizilombo. Mizu yake siinazolowere cakudya cambiri, motero manyowa ndi feteleza zimaiwocha. Madzi a pa mjigo kawirikawiri amakhala ndi mcere umene umaunjikana m'citini, koma madzi a mvula alibe. Anaweramitsa mutu, nati, "Aphunzitsi, ndinakapha ndine, ndi kukoma mtima kwanga."

Koma buku linanenanso za dothi lina logulidwa m'masitolo a ku America, limene ku Chama kulibe. Mnyamata anada nkhawa. Aphunzitsi anamfunsa, "Kodi kacomera kaja kanagula dothi kuti?" Iye anaseka, pakuti anazindikira yankho.

Mvula itabweranso, tizomera tinaphuka pa malo omwe aja. Anatengako kamodzi kokha pamodzi ndi mcenga wake, nasiya tinzake kuti tibale mbeu. Anaboola citini pansi, nacikhazika m'mbale ya madzi a mvula pa malo ofika dzuwa. Kacomera sikanafe. Tsiku lina anayesa monga anayesera Darwin: pa tsamba lina anaika kacidutswa ka zoyera za dzira, pa lina kamwala kakang'ono. Timaubweya tinagwira dzira masiku angapo, koma kamwala tinakataya msanga. Atauza Aphunzitsi, iwo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano yamba kope lako. Uzilembamo tsiku, malo ndi zimene waona, ndipo zimene sunaone usalembe."

Ana inu, mabuku ndi osowa ndipo ndalama zimadza ndi thukuta. Musagule buku cifukwa ca cikuto cake. Funani dzina la mlembi, dziko lake ndi caka cimene analemba, ndipo mukawerenga, pitani ku dambo mukaone ngati ziri zoona.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani kacomera koyamba kanafa?
2. Chulani mafunso atatu ofunsa musanagule buku.
3. Kodi Francis Darwin anaonetsa ciani m'caka ca 1878?