Kuona Maso a Nkhono pa Ayezi

Ndikamaonera masewera a hockey a m'maligi ang'onoang'ono a ku North America, maso anga sakhalitsa pa zigoli. Amathawira kwa anthu okhala pamwamba pa bwalo, kope pabondo, amene matimu akuluakulu a NHL amawatuma kukayeza achinyamata. Ntchito yawo ndi youza mabwana awo kuti mnyamata wa zaka 18 adzakhala wotani akadzafika zaka 25. Nkhani ya anyamata awiri obadwa m'chaka chimodzi cha 1975, m'chigawo chimodzi cha Quebec ku Canada, ndiyo imandichititsa kukayikira kuti kope lingathe kusenza ulosi wotere.

Woyamba ndi Alexandre Daigle. M'nyengo ya 1992-93, akusewera mu timu yachinyamata ya Victoriaville Tigres, adapeza mapointi 137. Mu hockey pointi imaperekedwa kwa wogoletsa ndiponso kwa omwe am'patsira. Oyeza aja adagwirizana kuti m'mera mpoyamba, ndipo m'chaka cha 1993 timu ya Ottawa Senators idamusankha kukhala woyamba mwa achinyamata onse. Koma mu NHL Daigle sadapitirirepo mapointi 51 panyengo imodzi. Liwiro limene linkasiya anyamata anzake kumbuyo silidaopse madoda amphamvu, odziwa kutseka njira.

Wachiwiri, Martin St. Louis, palibe timu imene idamusankha. Chifukwa chake chidali msinkhu: masentimita 173 okha. Ngakhale adawala pa yunivesite ya Vermont, adayambira mu timu yaing'ono ya Cleveland Lumberjacks. Calgary Flames itamutenga mu 1998 inkamutumiza ku timu yake yokulitsira osewera ya Saint John, mu ligi ya AHL, kumene ankagoletsa mosavuta. Akakwezedwa ku Calgary ankapatsidwa mphindi zochepa, nthawi zambiri pantchito yotchinga, ndipo m'masewera 69 adagoletsa zigoli 4 zokha. Mu 2000 adamulola kuchoka. Patatha zaka zinayi, ali ku Tampa Bay Lightning, adatsogola ligi yonse ndi mapointi 94, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, timu yake n'kutenga chikho cha Stanley. Adapuma ali ndi mapointi 1,033, pomwe Daigle adathera pa 327.

Apa m'pamene ndimaima. Manambala onsewo adali oona, koma iliyonse inkanena za malo amene mnyamata adaikidwa koposa za mnyamatayo. Masewera amatenga mphindi 60, koma wosewera amalowa pa ayezi kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi n'kutuluka, kusinthana ndi anzake. Wokondedwa ndi mphunzitsi mphindi zake zikaphatikizidwa zimayandikira 20, ndipo amasewera limodzi ndi akatswiri. Wokayikiridwa mwina safika n'komwe pa 10. Kunena kuti wachiwiriyu sagoletsa kuli ngati kudzudzula mlimi kuti nkhokwe yake njochepa utam'patsa mizere iwiri yokha.

N'chifukwa chake ndimalemekeza woyeza amene amabwerera kangapo, naona zomwe kope silisunga: mmene mnyamata amatembenuzira mutu asanalandire puck, mmene amadzukira akam'kankhira kukhoma, zimene amachita timu ikamagonja ndi zigoli zitatu kudera lachilendo, atakhala m'basi usiku wonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumadya ndalama, ndipo mabwana amafuna yankho chaka chomwecho.

Ambiri a ife timayeza achinyamata, m'kalasi kapena pantchito, ndi cholembera chofiira m'manja. Daigle adasenzetsedwa chiyembekezo cholemera asanakhwime, St. Louis adatsala pang'ono kutayidwa asanaonedwe bwino. Kuyambira mu 2022 St. Louis ndi mphunzitsi wa Montreal Canadiens, ndipo tsopano ndiye amagawira achinyamata mphindi zimene iye adamanidwa ku Calgary.