Nthanda ya Anganga

Madzulo a tsiku lomaliza la Ramadhan tinali pamchenga kuno ku Lungwena, maso onse ali kumadzulo, kufunafuna mwezi watsopano pamwamba pa nyanja. Usanaoneke, mlongo wanga wa Sitandade 3 anandikoka malaya.

"Achimwene, nanga chowala kwambiri icho n'chiyani?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti ndi nyenyezi basi. Anganga, amene anakhala pamkeka kumbuyo kwathu, anaseka.

"Ndi nthanda imeneyo, ija imatuluka m'bandakucha. Miyezi ina imasamukira kuno kumadzulo."

Sindinawakhulupirire. Sukulu itatsegulidwa ndinafunsa aphunzitsi a Geography, ndipo yankho lawo linandichititsa manyazi. Anati anganga akunena zoona, nthanda ndi pulaneti ya Venus. Ine ndinali nditalemba kale pamayeso mayina onse asanu ndi atatu a mapulaneti ozungulira dzuwa: Mercury, Venus, Dziko lathuli, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune. Ndinakhoza onse. Ndinkadziwanso kuti Pluto anachotsedwa pamndandandawu mu 2006. Koma Venus atayima pamaso panga sindinamuzindikire.

Aphunzitsi anandifotokozera kuti njira ya Venus ili mkati mwa njira ya dziko lathu, choncho kumwambaku saoneka kutali ndi dzuwa. Nthawi zina amatsala kumbuyo dzuwa likalowa m'nyanja, nthawi zina amalitsogolera kutuluka kumapiri a kum'mawa. Pakati pa usiku simungamupeze pamwamba pa mutu. Alibe kuwala kwakekwake. Mitambo yake yokhuthala imabweza kuwala kwa dzuwa, ndipo pansi pa mitamboyo pamatentha kuposa madigiri 450.

Ndinali ndi ngongole kwa mlongo wanga. Loweruka lotsatira ndinamutenga pamodzi ndi anzake anayi kupita kunyanja, nditanyamula mpira. Ndinauika pamchenga n'kunena kuti ili ndi dzuwa. Ngati dzuwa lili ngati mpira, dziko lathu ndi kanjere ka mawere, ndipo kayenera kukhala mamita 24 kuchokera pampirapo. Mercury anaima pa mamita 9, Venus pa 17, Mars pa 36. Mlongo wanga anasankha kukhala Jupiter chifukwa ndi wamkulu kuposa onse. Ndinamupatsa chipatso cha masawu, n'kumuyendetsa mamita oposa 120, mpaka kupyola mabenchi oyanikira usipa. Atafunsa za Neptune ndinawauza kuti angakhale pa mamita oposa 700. Panalibe amene anadzipereka.

Pobwerera mafunso anachuluka. Ndinawauza kuti mtunda weniweni wa kudzuwa ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuwala kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutifike. Mercury amazungulira dzuwa m'masiku 88, Venus m'masiku 225, Jupiter m'zaka pafupifupi 12. Mlongo wanga anawerenga zala n'kunena kuti ku Jupiter sanakwanitse ndi chaka chimodzi chomwe. Mnzake anati ndiye kuti sangalembe Sitandade 1. Tinaseka mpaka kunyumba.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti kuloweza mayina sikokwanira. Mapulaneti asanu, Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn, amaoneka ndi maso okha, popanda chipangizo chilichonse. Kawirikawiri sathwanima ngati nyenyezi, kuwala kwawo kumakhala bata. Ife a kuno tili ndi mwayi umene ana a ku Blantyre alibe: usiku wathu ndi wamdima, ndipo kumadzulo kulibe chotchinga kupatula nyali za asodzi. Tilinso ndi akuluakulu amene akhala akuyang'ana kumwamba moyo wawo wonse, pofuna mwezi ndi podziwa kuti kunja kwatsala pang'ono kucha.

Anzanga, mwana akakufunsani za kumwamba musamuyankhe monga ndinachitira ine. Tulukani naye panja. Makolo athu ndi a komiti ya mzikiti, tikupempha madzulo amodzi pa teremu kuti tisonkhane pamchenga ikatha Swala ya Maghrib, ife ndi mabuku athu, agogo ndi mayina awo.

Masiku ano nthanda yasamukira kum'mawa. Mlongo wanga ndi amene amandidzutsa nthawi ya Fajr kuti tikaione.