Mabuku Ondisiya ndi Mlandu

Ku sekondale timabuku ta Pacesetters ndinkangotimeza ngati nsima ya therere. Tinali tong'ambika, tina topanda chikuto, koma zinalibe kanthu: woipa ankadziwika msanga, pamapeto n'kulandira zake. Ndinkagona mtima uli m'malo.

Things Fall Apart ya Chinua Achebe ndiyo inandisokoneza. Okonkwo amamukonda Ikemefuna, mnyamata womutchula kuti bambo, komabe akumutema ndi chikwanje poopa kuoneka wofooka. Ndidane naye? Ndimumvere chisoni? Mpaka lero sindinagamule.

Azibambo otere ndakulira pakati pawo: ana awo amawakonda, koma kunena ayi. N'chifukwa chake masiku ano buku likandipatsa munthu wodana naye mosavuta, ndimaliika pansi. Ndimafuna lija londikhazika pabwalo ngati nyakwawa, mbali zonse zikumveka.