Mayi Martha Mahlangu, Amene Dzina Lawo Silili pa Chikwangwani

Aliyense wokhala ku Nellmapius amaudziwa msewu waukulu wa Solomon Mahlangu Drive, umene umachokera kumadera a anthu ochita bwino a kummawa kwa Pretoria n'kukalowa mu Mamelodi. Kale unkatchedwa Hans Strijdom, dzina la nduna yaikulu ya boma la tsankho. Mbandakucha uliwonse maminibasi a mumsewuwu amadzaza ndi amayi opita kukachapa, kusita ndi kulera ana a eni ake, ndipo pakati pawo pali ambiri ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique. Dzina la pachikwangwanilo amalitchula tsiku ndi tsiku, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mnyamatayo analeredwa ndi mayi wogwira ntchito yonga yawoyo.

Mayi Martha Mahlangu a ku Mamelodi anali wantchito wa m'nyumba. Solomon, amene ankatchedwanso Kalushi, anabadwa mu 1956, ndipo udindo womulera unali m'manja mwawo. Mu 1976, chaka chimene apolisi anawombera ana a sukulu ku Soweto, iye anachoka m'dzikomo mobisa n'kukaphunzira zausilikali pansi pa gulu la Umkhonto we Sizwe. Anabwerera mu June 1977. Pa 13 June, mumsewu wa Goch ku Johannesburg, anthu awiri anawomberedwa n'kumwalira pamene iye ndi mnzake ankathawa apolisi. Khoti linavomereza kuti amene anawombera sanali Solomon, komabe linamugamula kuti aphedwe ponena kuti anali ndi cholinga chimodzi ndi wowomberayo. Ngakhale maiko ambiri anachonderera, ananyongedwa kundende ya Pretoria pa 6 April 1979 ali ndi zaka 22.

Kwathu maliro ndi a mudzi wonse. Anamfedwa amakhala pasiwa, adzukulu amakumba manda, ndipo mayi amaona pamene mwana wake wagona. Mayi Martha anamanidwa zimenezi. Poopa khamu la anthu, boma linakaika mtembowo ku Atteridgeville, mbali ina ya mzindawo, kutali ndi kwawo. Panapita zaka 14 kuti mafupa ake abwerere ku Mamelodi, pa 6 April 1993. Mayiwo anakhalabe ndi moyo kufikira 2014, zaka 35 chinyongedwere mwana wawo. Anaona dzina lake likupatsidwa sukulu ya ana othawa kwawo ku Mazimbu ku Tanzania, bwalo la ku Mamelodi ndi msewu waukuluwu. Ulemu wonsewo sunawabwezere mwana amene akanawasunga paukalamba.

Dziko la Philippines lili ndi mayi wotere, koma kumeneko anachita mosiyana. Melchora Aquino, amene anthu ake amamutcha Tandang Sora, anali mayi wamasiye wa ana 6. Mu 1896, ali ndi zaka 84, ankadyetsa ndi kutsuka mabala a anyamata a gulu la Katipunan amene ankalimbana ndi atsamunda a ku Spain. Atamugwira anakana kuulula zinsinsi zawo, ndipo anamuthamangitsira ku chilumba cha Guam, kumene anakhala mpaka 1903. Anamwalira mu 1919 ali ndi zaka 107. Sananyamulepo mfuti, komabe lero mumzinda wa Quezon City muli msewu waukulu wotchedwa Tandang Sora Avenue. Afilipino anaona kuti wophika ndi wosamala ovulala nayenso anamenya nkhondoyo.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu umakhudza kwambiri ana otsala ku Mangochi, Mzimba kapena Chipata, amene amadziwa mayi awo kudzera pa foni ndi ndalama za fizi zofika kumapeto kwa mwezi. Ena a iwo amakula ndi kadandaulo koti anasiyidwa ndi agogo. Sadziwa kuti mayi awo amadzuka kusanache, amalera ana a anthu ena kuti awoawo aphunzire, ndipo ena amalephera kubwera ngakhale pamaliro a abale chifukwa cha mapepala ndi mtengo wa basi.

Amayi amenewa sadzaikidwa pa zikwangwani za misewu. Chikumbutso chawo chili m'manja mwa ana awo, amene angathe kufunsa mbiri yawo akali moyo: mudzi umene anabadwira, chaka chimene anawoloka pa Beitbridge, nyumba zimene anagwiramo ntchito, ndi zimene anadzimana. Zimenezi zikalembedwa, adzukulu adzakhala ndi poyambira.