Kwa mphwanga amene wayamba ntchito ku Ryalls

Wokondedwa mphwanga,

Kuno ku Chitipa tonse tili bwino. Mwendo wa amayi uja wayamba kupola, ndipo ku Misuku khofi wayamba kufiira. Uthenga woti akulemba ntchito yoperekera zakudya ku Ryalls amayi anaulandira ndi nthungululu. Wandifunsa chifukwa chimene malemu agogo ankaitchulira hotelo imeneyo pamene ku Blantyre sanapondeko. Khala pansi ndikuuze, chifukwa nkhaniyi inayambira kwathu konkuno.

Hoteloyo anaitsegula mayi wachizungu, Louisa Ryall, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Munkagona eni minda ya tiyi ndi fodya, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Munthu wakuda ankalowamo kukaphika, kukakolopa ndi kunyamula mbale, osati kukakhala pampando.

Tsono bwera nane kuno. Nthawi imeneyo Chitipa ankamutcha Fort Hill, ndipo tinali pansi pa boma la Karonga. Bwalo la ndege lija unkadutsapo popita kusukulu ndi pamene ndege za Wenela zinkatengera amuna opita ku migodi ya ku Joni. Mu February 1959 anthu akwathu, atatopa ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, analanda bwalolo n'kulitchinga kuti ndege zisatere. Agogo ankati tsiku limenelo aliyense ananyamula mwala umene akanatha. Ku mapiri a Misuku kunali Flax Musopole, mtsogoleri wa chipani cha Congress amene asilikali anamusaka miyezi ingapo osamupeza, chifukwa panalibe womuulula. Pa 3 March bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, ndipo Dr Kamuzu Banda anakamutsekera ku Gwelo. Anthu oposa chikwi anamangidwa, ena anaphedwa, makamaka pa doko la Nkhata Bay.

Chaka chisanathe, mu January 1960, nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, anafika ku Nyasaland pa ulendo wake wozungulira Africa, ndipo a mzinda wa Blantyre anamukonzera nkhomaliro ku Ryalls. Iye akulowa m'kati, panja panali khamu la anthu a Malawi Congress Party, chipani chimene Orton Chirwa anali atangochikhazikitsa m'malo mwa Congress ija, imene boma linailetsa. Ananyamula zikwangwani zoti Kamuzu atulutsidwe. Apolisi analimbana nawo pamsewu pomwepo, ndipo mtsikana wina, Emma Phombeya, anamuponda chala chakuphazi ndi nsapato ya jombo.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti pakhonde la hoteloyo panali atolankhani ochokera ku London amene ankayenda ndi Macmillan. Zimene anaona anazitumiza kwawo, nyuzipepala za ku Britain zinadzudzula apolisi, mpaka boma linaika woweruza milandu, Frederick Southworth, kuti afufuze. Iye anati atolankhaniwo anakokomeza nkhani. Komabe madzi anali atatayika kale. Pa 3 February Macmillan anauza nyumba ya malamulo ku Cape Town kuti Africa ikusintha, ndipo pa 1 April Kamuzu anatuluka m'ndende.

Taganiza, mphwanga. Chala chimodzi chopondedwa pakhomo la hotelo ya azungu chinamveka mpaka ku London, pamene makolo athu amene anagona m'nkhalango za ku Misuku panalibe wowajambula. Sindikuchepetsa kulimba mtima kwa mayi Phombeya, ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti mbiri imakonda kulembedwa pamene pali magetsi ndi alendo olemekezeka, ndipo ana a sukulu ambiri sadziwa n'komwe kuti Fort Hill ndi Chitipa yemweyu.

Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, khomo la Ryalls linali lotsegukira aliyense wa ndalama zake. Kenaka kunabwera hotelo ya Mount Soche chapafupi pomwepo, ndipo lero dzina la Ryalls layamba kuyendera limodzi ndi la Protea ndi Marriott. Andale sanasiye kukumaniramo. Uziwaona ndithu akunong'onezana pa matebulo ako. Uziwatumikira onse mofanana, kaya avala nsalu ya chipani chiti, ndipo zimene wamva pogwira ntchito uzisiye komweko.

Ukapeza mpata masana, utuluke ku Hannover Avenue, ukaime pamsewu kutsogolo kwa hoteloyo, undijambulire chithunzi. Ndikufuna ndikawaonetse amalume ku Misuku, amene anali kamnyamata nthawi ya Musopole ndipo mpaka pano amafunsa kuti malowo amaoneka bwanji. Amayi akuti akutumizira nyemba ndi mapira pa basi ya Loweruka.

Ndine mkulu wako.