Kugonjetsedwa ka 80: nyengo ya 1998 ya Prairie View ndi mneni wathu "kugonja"

Pa 26 Sepitembala 1998, mumzinda wa Oklahoma City ku America, timu ya mpira ya yunivesite ya Prairie View A&M idapambana Langston ndi mapointi 14 kwa 12. Chaka chimenecho timuyi idasewera masewera 11, ndipo idapambana amodzi okhawo. Komabe ku sukuluyi nyengo ya 1998 imakumbukidwa mwaulemu, chifukwa tsikulo lisanafike timuyi idali italuza masewera 80 motsatizana, kuyambira kumapeto kwa 1989. M'mbiri ya mpira wa masukulu aukachenjede a bungwe la NCAA mulibe timu ina imene idaluzapo nthawi yaitali chotero.

Abale ndi alongo a ku Kasungu, Chipata, Angónia, Harare ndi kwina konse, mwina mukudabwa kuti nkhani ya mpira wa ku Texas ikutani pakati pa anthu okambirana za chinenero. Ine dzina la Prairie View ndidalidziwira m'maphunziro a galamala. Mark Hanna Watkins, amene adalemba buku la A Grammar of Chichewa lomwe lidasindikizidwa mu 1937, adamaliza maphunziro ake oyamba aukachenjede pa sukuluyi mu 1926. Kuchoka kumeneko adapita ku yunivesite ya Chicago, kumene adafufuza chinenero chathu mothandizidwa ndi wophunzira wina wochokera ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda. Choncho sukulu imeneyi ili ndi chala chake m'mbiri ya Chichewa cholembedwa. Ndicho chifukwa chake nditamva za mavuto a timu yake ndidawamva ngati a mnansi, ndipo adandisiyira funso lokhudza mneni wathu wina.

Mpira umene tikunenawu ndi uja wa ku America, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 ovala zipewa zolimba. Timu ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo imapata mapointi 6, kenaka imasankha kuumenya ndi phazi kuti ionjezere pointi imodzi, kapena kuyesanso kuufikitsa kumzere kuti ionjezere awiri.

Prairie View ndi imodzi mwa sukulu zimene zidakhazikitsidwa kuti ziphunzitse anthu akuda pa nthawi imene malamulo a tsankho ankawatsekera zitseko za sukulu za azungu. Boma la Texas lidaikhazikitsa mu 1876, pamalo amene kale udali munda wolimidwa ndi akapolo wotchedwa Alta Vista, kumpoto chakumadzulo kwa Houston. M'masiku a mphunzitsi Billy Nicks timu yake idali chilombo. Idatengedwa kukhala akatswiri a masukulu a anthu akuda m'dziko lonse mu 1953, 1954, 1958, 1963 ndi 1964, ndipo m'menemo mudatuluka osewera ngati Otis Taylor ndi Ken Houston, amene adakatchuka mumpira wa akatswiri olipidwa.

Kutsika kwake kudayamba ndi chinthu chabwino. Tsankho la m'masukulu litayamba kugwa, mayunivesite olemera a kumwera kwa America adatsekula zipata kwa osewera akuda. Mnyamata waluso amene kale akadapita ku Prairie View tsopano ankatha kupita ku Austin kapena ku College Station, kumene kudali mabwalo aakulu, ndalama ndi makamera a wailesi yakanema. Palibe angamudzudzule mnyamatayo, pakuti ufulu umenewo makolo ake adauvutikira. Koma mapindu a ufuluwo adapita ku sukulu zimene kale zinkamukana, ndipo zimene zidamulera m'masiku ovuta zidatsala ndi nkhokwe zopepuka.

Akuluakulu adati mvula ikakuona litsiro sikata. Pamwamba pa kuchepa kwa osewera padadza nkhani ya kusokonekera kwa ndalama za masewera, ndipo mu 1990 sukuluyi sidasewere mpira n'komwe. Timu idabwerera mu 1991 yopanda thandizo la fizi limene masukulu amakopera osewera aluso, pomwe anzake onse a mu ligi ya SWAC, monga Grambling, Southern ndi Jackson State, ankalipereka. Chaka chimenecho Prairie View idapata mapointi 48 nyengo yonse, adani ake n'kuithira 617. Mphunzitsi Ronald Beard adaitsogolera zaka zinayi, masewera 44, osapambana ngakhale kamodzi. Kudali anyamata amene adalowa sukulu, kusewera zaka zawo zonse, kulandira digiri ndi kuchoka asanalaweko chipambano. Ambiri ankadzilipirira okha fizi kapena kukongola, kenaka Loweruka lililonse n'kukagundana ndi anzawo amene sukulu zawo zinkawasamalira chilichonse.

Nyengo ya 1998, pansi pa mphunzitsi Greg Johnson, idayamba monga zinzake, ndi kuluza katatu. Masewera achinayi adali a Langston, sukulu inanso ya anthu akuda ya ku Oklahoma. Prairie View idatsogola, koma kutatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi Langston idafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, kusiyana n'kutsala mapointi awiri. Langston idayesa kupata awiriwo kuti afanane mphamvu, ndipo anyamata a Prairie View adamugwira wonyamula mpira asanadutse mzere. Zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi zidathera pamenepo.

Tsono funso langa nali. Nkhani imeneyi ikadakhala ya pawailesi zathu, muulutsi akadati timuyi "idagonja ka 80". Umo ndi mmene tidazolowerera: yagonja, yakwapulidwa, yaluza. Koma tiyeni timuyang'anitsitse mneniyu. Tsinde lake ndi -gonj-, ndipo kugonja ndi ntchito imene munthu amaichita yekha: amatsitsa uta, amavomera kuti mnzake ndiye mwini mphamvu. Tikaika -er- timapeza kugonjera, mawu a kutchalitchi ndi a kubwalo la mfumu, onena za kudzichepetsa pamaso pa wamkulu. Tikaika -ets- timapeza kugonjetsa, ntchito ya wopambanayo. Tikaonjezera -edw- timafika pa kugonjetsedwa, pamene munthu wachitiridwa chinthu ndi wina wamphamvu kuposa iye. Chichewa chili ndi malo osiyana a wogonja ndi wogonjetsedwa, ngakhale kuti m'nkhani zamasewera tidawaphatikiza.

Ine ndikuti Prairie View idagonjetsedwa ka 80. Kugonja kukadakhala kusiya kuvala yunifolomu, kutseka chipinda chovaliramo ndi kugulitsa zipewa. Njira imeneyo idalipo, ndipo sukuluyi idali itailawa kale mu 1990. Anyamatawo, pamodzi ndi gulu loimba la Marching Storm ndi ophunzira akale amene ankabwerabe ku zikondwerero za chaka ndi chaka, adasankha kufika pabwalo.

Wina anganene kuti uku n'kukometsera umphawi ndi galamala, ndipo chenjezolo n'loyenera. Kutumiza ana a eni kukagundana ndi matimu okonzeka bwino, chaka ndi chaka, popanda thandizo, si chinthu choti tichiimbire nthungululu. Matupi awo ndiwo adalipira ngongole imene ena adatenga. Koma apa ndi pomwe kusankha mneni kuli ndi ntchito. Tikati "adagonja", chiganizo chatha, ndipo mlandu wonse watsala pa wosewera. Tikati "adagonjetsedwa", khutu la Mchewa limadikira mawu otsatira, akuti "ndi yani". Yankho lake limatifikitsa kwa amene adasokoneza ndalama, kwa amene adaganiza zobweza timu popanda fizi, ndi kwa boma limene kwa zaka zambirimbiri linkapatsa sukulu za anthu akuda gawo lochepa. Mneni wachitiridwayu amatikakamiza kufunafuna wochita.

Zimene zidatsatira zikuchitira umboni. Thandizo la osewera litabwerera pang'onopang'ono, timu idayamba kudzuka. Mu 2007, pansi pa Henry Frazier III, idapambana masewera ambiri kuposa amene idaluza, ndipo mu 2009 idagonjetsa Alabama A&M n'kutenga chikho cha SWAC, koyamba chichokere mu 1964. Dothi lake lidali lomwelo ndipo anyamata ankachokera m'matauni omwewo a Texas. Chidasintha ndi zimene akuluakulu adaika m'manja mwawo.

Pempho langa kwa inu amene mumalemba nkhani zamasewera, kumasulira ndi kuulutsa mawu m'Chichewa ndi Chinyanja n'lakuti tisunge kusiyana kumeneku. Timu ikasewera mpaka wezulo yomaliza n'kuchepekedwa zigoli, tinene kuti yagonjetsedwa kapena yaluza. "Kugonja" timusungire amene wakana kutuluka m'chipinda chovaliramo. Ndikufunanso kumva kwa abale a ku Zambia ndi ku Mozambique: kodi kwanuko aulutsi amatani ndi mneniyu, ndipo agogo anu akamati munthu wagonja, amatanthauza chiyani?